Adalowa m'tchire opanda nsapato, adatuluka akuguba

Ife a ku Salima sitichita kuuzidwa kuti usilikali umasintha munthu, timadzionera tokha. Mnyamata amatsika basi pa Kamuzu Road atakolekera kachikwama paphewa, akucheukacheuka, n'kukalowa pachipata cha koleji ya asilikali ya MAFCO. Miyezi yake ikakwana, achibale akabwera kudzaonerera perete wotsiriza, mayi ake omubereka amayamba afunsa kuti mwana wawo ndi uti pamzerepo. Khosi lawongoka, chifuwa chatambasuka, phazi likugunda pansi limodzi ndi la anzake. Akangomuzindikira, nthungululu yake imamveka mpaka kumsewu.

Kusintha kumene ndikufuna tisangalale nako lero n'kwakukulu kuposa apo, ndipo kudachitikira tsidya la nyanja yathu yomweyi. Mukaima pagombe la Senga Bay kunja kutayera, mumaona mapiri kum'mawa, cha ku Makanjira. Kuseri kwa mapiri amenewo ndi ku Niassa, chigawo cha dziko la Mozambique, kwa anthu olankhula Chinyanja ndi Chiyao monga ife. M'nkhalango za kumeneko kagulu ka anyamata ausiwa, anjala, ogona pansi, kadasanduka gulu lankhondo lomwe lidakhazika Mpwitikizi patebulo kuti asayine zochoka. Nkhani imeneyi imandikoma nthawi zonse.

Tiyambe ndi mmene zidalili ku Mozambique pansi pa ulamuliro wa Apwitikizi. Bambo ankagwidwa kupita ku chibalo. Mayi ankakakamizidwa kulima thonje loti akagulitse pamtengo wonyozeka. Wolephera msonkho ankalawa mbalamatodya mpaka zikhatho kutupa. Nkhanza zomwezi ndizo zidathamangitsira makolo a Amalawi ambiri kuno kalekale. Pa 25 Juni 1962, ku Dar es Salaam, magulu atatu a anthu othawa kwawo adaphatikizana n'kupanga FRELIMO, ndipo mtsogoleri wake adali Dr. Eduardo Mondlane. Limodzi mwa magulu atatuwo, la UNAMI, lidabadwira kuno ku Nyasaland pakati pa anthu ochokera ku Tete, choncho nafenso tili ndi mbali yathu pankhaniyi.

Anyamata oyamba adatumizidwa ku Algeria mu 1963 kukaphunzira kugwira mfuti. Onse pamodzi adali ngati 250 basi. Anthu 250 kukaputa dziko la ku Ulaya lokhala ndi ndege, maboti ankhondo ndi magalimoto! Pa 25 Seputembala 1964, ife tisanathe n'komwe miyezi itatu tili paufulu wathu, mfuti zidalira ku Chai m'chigawo cha Cabo Delgado, ndipo masiku omwewo ena adathira nkhondo kaboma ka Cobué, moyang'anana ndi chilumba cha Likoma.

Poyamba zidayenda. Achinyamata a m'mbali mwa nyanja, ena a iwo ophunzira pamishoni ya Anglican ya Messumba, adakhamukira kutchire. Koma Mpwitikizi adabwezera mwaukali. Maboti ankhondo ochokera padoko la Metangula adayamba kulondera gombe, midzi idatenthedwa, otsala adaunjikidwa m'midzi yolonderedwa ndi asilikali kuti asamapereke chakudya kwa a kutchire. Anthu zikwizikwi adathawira pa Likoma, ena kumtunda kuno, ena ku Tanzania. Tsono taganizani: Niassa n'ngwamkulu kuposa Malawi yense, koma anthu ake ndi ochepa. Oti akadaphika nsima athawa. Wankhondo adya chiyani?

Tiyeni tilowe mumsasa umodzi wa nthawi imeneyo, mwezi wa Juni. Kuno kugombe mwera ukamakuntha timadandaula, asodzi n'kukokera mabwato kumtunda, chonsecho kwathu kuno n'kotentha. Kumapiri a tsidya, kumene tauni ya Lichinga ili pamtunda wopitirira mamita 1,300, chisanu chake chimalowa m'mafupa. Msasawo ndi timitengo ndi udzu, pansi pa mitengo yowirira kuti ndege isaone. Masana moto n'ngoletsedwa, poti utsi ndiwo umaitana mabomba. Usiku ukayatsidwa, ndi kamoto kobisa, anthu n'kuunjikana pamenepo, kutsogolo kukufunda kumsana kukuzizira. Malaya adatha kalekale; ena abwerera ku nyanda, nsalu ya khungwa la mtengo imene agogo athu adaisiya. Mapazi ang'ambika, matekenya aloweramo, nsabwe zadzaza m'misoko. Wina akunjenjemera ndi malungo chapambali, mankhwala palibe. Mumphika muli chigwada, mwina ndi tizidutswa ta chinangwa. Mchere ulibemo. Mchere, abale! Munthu sudziwa ulemu wake mpaka utatha mwezi wathunthu ukudya ndiwo zozizira.

Chisanu chikapita, dzuwa la Okutobala linkaumitsa timitsinje. Dzinja likafika, njala ija ya Januwale ndi Febuluwale tonse timaidziwa inkabwera, koma popanda nkhokwe ya mbale yokapemphako. Mitsinje yodzaza inkadula njira ya ku Tanzania kumene zipolopolo zinkachokera, ulendo wapansi wa masabata angapo. Njira yachidule ikadakhala yodzera kuno, koma boma la Dr. Kamuzu Banda lidali paubwenzi ndi Apwitikizi, ndipo zida sizinkadutsa poyera. Ena adataya mtima, adasiya mfuti n'kuwolokera kuno. Ine sindiwaweruza, njala siona kulimba mtima kwa munthu. Pamwamba pa zonsezi, mu Okutobala 1966, mkulu wa asilikali onse a FRELIMO, Filipe Samuel Magaia, adaomberedwa ndi munthu wa m'gulu lake lomwe ali paulendo wa ku Niassa. Mukadafunsa munthu wanzeru zake chaka chimenecho ngati anyamatawa adzapambane, akadakusekani.

Tsono mverani kukoma kwake.

Kumwera kwa Tanzania kuli malo otchedwa Nachingwea. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1940 Angerezi adayesako ulimi waukulu wa mtedza, adathirako ndalama zankhaninkhani, mtedza wake osaoneka, n'kuchokako. Boma la Mwalimu Julius Nyerere lidapereka umodzi mwa minda yosiyidwayo kwa FRELIMO mu 1965. Woyang'anira maphunziro adali Samora Machel, munthu wosakwana n'komwe zaka 35, amene kale adali namwino pachipatala ku Lourenço Marques. Iyeyu mavuto a ku Niassa sadachite kumva kwa anthu, adayendako ndi mapazi ake, ndipo Magaia atamwalira ndiye adatenga udindo wolamula asilikali onse.

Zimene zinkachitika ku Nachingwea n'zosavuta kufotokoza. Wobwera kudzafuna mfuti ankapatsidwanso khasu. Lamulo lidali loti ulime, uphunzire, umenye nkhondo, zonse zitatu, popanda kusankhapo. M'mamawa kuguba, kenako kumasula ndi kumanga mfuti mobwerezabwereza mpaka zala zitazolowera, alangizi ochokera ku China ali pambali. Nthawi ina kumunda, nthawi ina kumanga nyumba zogonamo, madzulo kukhala pansi kuphunzira a e i o u. Wodziwa kuwerenga ankaphunzitsa wosadziwa. Mmakonde, Myao, Mnyanja, Mnyungwe ndi Mshangana ankaikidwa m'gulu limodzi, kudyera mbale imodzi, kuti pofika kunkhondo asafunsane za mtundu. Ankaphunzitsidwa kuti nkhuku ya mwini si yako ngakhale mfuti ili m'manja mwako, kuti mdani ndi ulamuliro wachitsamunda osati khungu la munthu, ndi kuti msilikali wa Chipwitikizi akagwidwa asaphedwe.

Kwa ine, khasu lija ndilo lidatembenuza nkhondo. Munthu wophunzitsidwa chotere akabwerera ku Niassa sankafikanso ngati mlendo wodzatha ufa wa eni mudzi. Ankafika n'kuswa nawo mphanje. Ngakhale kalimidwe kadasintha. M'malo mwa munda umodzi waukulu woonekera kumwamba, adatsegula timinda tobalalika m'nkhalango, kuti ndege ikaononga umodzi ina itsale. Adachulukitsa chinangwa, poti chimabisala m'nthaka ndipo moto ukadutsa pamwamba chimatsala. Nkhokwe adazibisa kutali ndi misasa. Zokolola zotsala zinkasenzedwa mpaka kumalire a Tanzania kukasinthanitsa ndi nsalu, sopo, makasu ndi mchere. Eya, mchere udabwerera mundiwo! Anthu amene adathawa m'midzi adayamba kumanga pafupi ndi ankhondo m'malo mowathawa, chifukwa tsopano pamsasa padali wotsuka chilonda ndi wophunzitsa ana. Mwana amene Mpwitikizi sadamuganizireko za sukulu adalemba dzina lake koyamba pansi pa mtengo, ndi chala pamchenga, mlonda akumvetsera kulira kwa ndege.

Nanga amayi? Apa ndiye mtima wanga umasefukira. Kuyambira pachiyambi amayi ndiwo ankasenza nkhondoyi pamutu, kwenikweni. Bokosi la zipolopolo pankhata, mwana kumsana, kuwoloka mtsinje wa Rovuma, kuyenda usiku pamzere popanda wotsokomola, masiku ndi masiku. Pa 4 Malichi 1967 gulu loyamba la atsikana lidalowa maphunziro a usilikali ku Nachingwea, ndipo pamenepo padabadwa nthambi ya asilikali aakazi. Akuluakulu ena adanyinyirika, ankati mfuti si ya mkazi. Atsikanawo sadatsutse ndi pakamwa, adangomaliza maphunzirowo n'kubwerera kunkhondo. Ndipo kudapezeka kuti mtsikana wa mfuti paphewa akaima pabwalo kulankhula, mudzi wonse unkatchera khutu, anyamata ozengereza n'kuchita manyazi. Josina Muthemba, amene adakwatiwa ndi Samora mu 1969, adayenda mitunda italiitali m'madera omasulidwa, ku Niassa komweko, kukonza malo osungira ana amasiye a nkhondo. Adadwala, adamwalira ku Dar es Salaam pa 7 Epulo 1971 ali ndi zaka 25 zokha. Mpaka lero 7 Epulo ndi tsiku la amayi ku Mozambique.

Pofika 1967 aja adali 250 adali atafika pafupifupi 8,000. Ndipo chaka chotsatira adachita chinthu chomwe chimandisekeretsa ndikachiganiza. Mu Julayi 1968 FRELIMO idachititsa msonkhano wake waukulu wachiwiri, osati mu holo ya ku Dar es Salaam, koma m'kati mwa Mozambique, pa Matchedje, ku Niassa konkuja kudali matekenya ndi chigwada chopanda mchere. Nthumwi ngati 170 zidasonkhana m'nkhalango masiku angapo, zidadya, zidagona, zidakambirana, zidasankhanso Mondlane kukhala mtsogoleri. Wolemba mbiri wa ku Britain, Basil Davidson, adali pomwepo kudzionera. Taganizani zimene zimafunika kuti udyetse ndi kuteteza khamu lotero m'dziko lomwe mdani akuti n'lake: minda yoti ikwanitse, alonda m'njira zonse, anthu wamba osunga chinsinsi. Zaka ziwiri m'mbuyomo sakadatha n'komwe kulota. Ndege za Apwitikizi zidadzaponya mabomba pamalopo eni ake atabalalika kale.

Zoterezi zidachitikaponso kutali ndi kuno. Amereka pomenyera ufulu wawo kwa Angerezi, gulu la George Washington, anthu ngati 12,000, lidamanga misasa pa Valley Forge pafupi ndi Philadelphia mu Disembala 1777, ambiri opanda nsapato ndi zofunda. Pafupifupi 2,000 adafera pomwepo, makamaka ndi matenda. Mu Febuluwale 1778 kudabwera msilikali wa ku Prussia, Friedrich von Steuben, amene adasankha anthu ngati 100, n'kuwaphunzitsa kuguba ndi kugwira mfuti, iwowo n'kukaphunzitsa anzawo. Potuluka mu Juni 1778 lidali gulu lina, ndipo lidalimbana ndi Angerezi pa Monmouth osathawa. Ana a sukulu ku Amereka amaidziwa nkhani imeneyo pamtima. Koma chisanu chawo chidali cha miyezi isanu ndi umodzi. Abale athu a tsidya adapirira zaka khumi, ndipo chakudya ankachita kulima okha.

Mdani sadagone ayi. Pa 3 Febuluwale 1969 Mondlane adaphedwa ndi bomba lobisidwa m'phukusi ku Dar es Salaam, ndipo m'chipanimo mudabuka mikangano yoopsa. Gulu la 1965 likadabalalika pomwepo. Ili lidaima, ndipo mu 1970 Samora adakhala mtsogoleri. Chaka chomwecho mkulu wa asilikali a Chipwitikizi, Kaúlza de Arriaga, adasonkhanitsa ndege, mizinga ndi asilikali ochuluka kuti athetseretu nkhondo ku Cabo Delgado. Adalandadi misasa ikuluikulu, koma adapeza eni ake atasamuka. Pamene iye ankasakasaka kumpoto, moto udakolera ku Tete, kumene FRELIMO idatsegula nkhondo mu 1968 ndiponso kumene Apwitikizi ankamanga damu la Cahora Bassa. Ankhondo adawoloka Zambezi, ndipo pofika 1972 adali atalowa m'chigawo cha Manica ndi Sofala, pakati penipeni pa dziko. Osaka adasanduka osakidwa. Msilikali wa Chipwitikizi ku Niassa ankayenda pamsewu mtima uli m'mwamba, kuopa mabomba okwirira pansi.

Amene adatopa ndi Apwitikizi. Pa 25 Epulo 1974 asilikali achinyamata ku Lisbon, otopa ndi nkhondo zosatha za ku Mozambique, Angola ndi Guinea-Bissau, adagwetsa boma lawo lomwe. Pa 1 Ogasiti chaka chomwecho, pa Omar, pafupi ndi Rovuma, asilikali a Chipwitikizi oposa 100 adagwidwa ndi FRELIMO popanda kukhetsa magazi, ndipo adasungidwa amoyo monga lidanenera lamulo la ku Nachingwea. Pa 7 Seputembala 1974, ku Lusaka, kwa Dr. Kenneth Kaunda, Apwitikizi adasayina pangano lopereka dziko. Inde, adasayina ndi anthu omwe aja ankawatcha zigawenga za kutchire!

Ndiye yerekezani mwaima m'mbali mwa msewu m'miyezi yotsatirayo, mukuwaona akulowa m'tauni. Ndi anyamata ndi atsikana omwe aja ankafunda nyanda. Tsopano ali mu yunifomu, majombo kuphazi, mfuti paphewa, mizere yowongoka. Amene adachoka kwawo wosadziwa kulemba dzina akuwerenga chikalata pamaso pa khamu. Amene adachoka akungodziwa Chiyao cha kwa amake akulankhulana ndi mnzake wa m'chigawo cha Gaza. Mayi amene adalira maliro a mwana wake zaka zisanu ndi zitatu zapitazo, poyesa kuti adafera kutchire, akumuona uyo pamzere wachiwiri, wamoyo, wandevu, akulamula anzake. Nthungululu ya tsiku limenelo ndani akadailetsa?

Samora adanyamuka kumpoto pa 24 Meyi 1975, n'kuyenda dziko lonse kuchokera ku Rovuma mpaka ku Maputo, akuima m'chigawo chilichonse, Niassa ali momwemo. Pa 25 Juni 1975, pakati pa usiku, pabwalo la Machava, mvula ikugwa, mbendera ya Portugal idatsika ndipo ya Mozambique idakwera. Vila Cabral idakhala Lichinga. Lourenço Marques idadzakhala Maputo. Tsiku lija mfuti zidalira ku Chai, 25 Seputembala, lidakhala tsiku la asilikali a dzikolo, ndipo likadali choncho.

Pali zina zowawa zimene sindingazilumphe. Ku Nachingwea komweko, mu 1975, anthu amene adasemphana ndi utsogoleri, monga Uria Simango amene adakhalapo wachiwiri kwa Mondlane, Joana Simeão ndi Lázaro Nkavandame, adaimikidwa pamaso pa khamu ngati oukira, kenako adatengeredwa kundende ya M'telela ku Niassa, ndipo sadabwerereko. Chimenecho chidali cholakwa chachikulu. Posakhalitsa padabukanso nkhondo yapachiweniweni imene idatha mu 1992, ndipo Malawi adasunga othawa kwawo oposa 1 miliyoni. Zimenezi ndi mlandu wa atsogoleri ndi wa amene adakoleza nkhondoyo kuchokera ku Rhodesia ndi South Africa. Sizichotsa kanthu pa mtsikana uja adasenza bokosi la zipolopolo kuchokera ku Rovuma, kapena pa mnyamata uja adagona ndi njala osaba nkhuku ya mwini. Iwowo mbali yawo adaikwaniritsa, ndipo ufulu umene adaubweretsa palibe adaubweza ku Lisbon.

Chimandidabwitsa n'chakuti ana athu amatha kutchula nkhondo za ku Ulaya ndi zaka zake, koma ukawafunsa za Matchedje amangoti kukamwa yasa, chonsecho ndi nkhani ya anthu a chilankhulo chathu, a nyanja yathu, ena mwina a mfunda wathu womwe. Aphunzitsi a mbiri, iyi ndi nkhani yoti mwana aimve akadali ku pulayimale, chifukwa imamuuza kuti anthu onga iye, odya kondowole ndi usipa, adagonjetsa ufumu wa ku Ulaya pophunzira, polima ndi posunga mwambo.

Ndipo amene adaziona akadalipo, kuyambira pa Likoma mpaka ku Makanjira: agogo amene adawoloka pabwato usiku midzi ikuyaka, ena amene adasenzako katundu wa ankhondo, ena amene adabisa mlendo m'nyumba osauza mfumu. Akutha mmodzimmodzi. Ngati kwanu aliko, musadikire kudzamva mbiri yawo pamaliro. Pitani sabata ino, muwatengere shuga ndi sopo, mukhale nawo pamphasa, muwafunse.